Soseji ya Abambo Andevu

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu amene wandisunga kufikira imvi zino, ngakhale manja angawa anachita chinthu chimene ndimachita nacho manyazi mpaka lero.

Nkhondo yaikulu itatha, ndinalembedwa ntchito yophika pa mishoni ina kumapiri kwathu kuno ku Neno. Wansembe wake anali wa ku Italiya, ndipo tinkangowatchula kuti Abambo Andevu. Chaka china amayi awo anawatumizira phukusi, limene anthu anachita kusenza pamutu kuchokera ku Lisungwi. M'katimo munali soseji imodzi ya nkhumba, yaitali ngati mkono, yomangidwa ndi kachingwe. Abambowo ankaitcha salame. Popeza inali nyengo ya Lenti, anaipachika m'chipinda chosungiramo zakudya kuti idikire Pasaka.

Patangopita milungu iwiri, kunabwera kalata yoti amayi aja amwalira. Abambo sanalire pamaso pathu. Ankangolowa m'chipinda muja, kuima pang'ono, n'kutuluka.

Lachitatu la Sabata Loyera, iwo atapita kukaona odwala ku Dambe, ine ndinati ndikonze m'nyumba. (Ndinali Marita weniweni, wotanganidwa ndi zimene sanandifunse.) Nditayang'ana soseji ija, ndinaona kuti yachita chuku, yayera mbuu. Mtima unandipweteka. Munthu wamasiye adyenso zowola pa Pasaka?

Ndinayamba ndi kuipala ndi mpeni. Fungo silinachoke. Ndinaitsuka ndi sopo, kawiri. Fungo linangosakanikirana ndi la sopoyo. Ndiye ndinati moto ndi umene umayeretsa zonse, ndipo ndinaiwiritsa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu. Potsegula mphika ndinapeza mafuta okhaokha ndi tinyenyeswa totuwa. Ndinapatsa galu wa pa mishoni. (Galuyo sanaone cholakwa chilichonse.) Kachingwe kokha ndinakabweza pamsomali, sindidziwa chifukwa chake, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinkakhoma chitseko cha chipindacho n'kusunga kiyi m'thumba.

Tsiku la Pasaka Misa itatha, Abambo analowa kukhitchini atanyamula mpeni ndi mbale ziwiri.

"Akhukhi, tsegulani umo," anatero. "Lero mukhala pansi mudye nane. Amayi anapanga ndi manja awo."

Ndinagwada pomwepo.

"Abambo, inawola. Inachita chuku thupi lonse."

"Choyera?"

"Choyera, Abambo."

"Ndiye kuti inali itapsa bwino. Kwathu timadikira chimenecho miyezi itatu." Anaika mpeni ndi mbale zija patebulo. "Ili kuti?"

"Ili m'galu, Abambo."

Anayang'ana panja pamene galuyo anagona padzuwa, mimba ili m'mwamba. Ndinadikira kuti andichotse ntchito, ndipo zikanandipepukira. Koma anangotenga kiyi, kulowa m'chipinda muja, n'kutuluka ndi kachingwe kaja. Anakanunkhiza nthawi yaitali.

"Mwachapadi bwino," anatero. "Sopo yekhayekha."

Anakapinda n'kukaika m'buku lawo la mapemphero. Mbale ziwiri zija tinadyeramo mbatata.

Ndinagwira ntchito kwa iwo zaka zina zisanu ndi ziwiri, ndipo nkhaniyi sanaitchulenso. Koma nthawi zonse akatsegula bukulo m'tchalitchi, ine ndinkaona kachingwe kakulendewera, pemphero n'kundithawa. Mtumwi Petro anachita kuuzidwa katatu m'masomphenya kuti asanyoze chakudya cha anthu a mitundu ina. Ine ndinauzidwa kamodzi, mochedwa. (Ndipo ndiulule: pansi pa mtima ndimaganizabe kuti inali yowola.)

Ambuye akudalitseni inu owerenga, akupatseni mtima wofunsa musanathandize, ndipo mukalakwira munthu, akhale wokhululuka ngati amene ndinamulakwira ine.