Ndinasunga walanti m'chigafa

Mpaka lero ndikamva galimoto ikukukuta giya, ndimayamba kupemphera ndisanadziwe n'komwe kuti ndi ya ndani. Abale anga, ndinachita zinthu ine, ndipo ndinazichita ndi mtima wabwino.

Chaka chatha Mulungu anatikumbukira, fodya wathu kuno kwa Chulu anayenda bwino ku okushoni. Bambo a Chisomo (amuna anga amenewo) anati zopempha malole a anthu zatikwana, tigule kapikapu kathu. Tinapita ku Lilongwe pamalo ena ogulitsa magalimoto akale ochokera kunja. Mwini malowo, bambo wa tayi yofiira, anati, "Iyi ili ndi walanti ya miyezi isanu ndi umodzi. Ikavuta injini kaya giyabokosi, tidzakonza ulere." Ine ndinangoti ameni.

Pobwerera, bambo a Chisomo anati akumva kukukuta akamasintha giya. "Sabata yamawa tibwerere nayo akaione."

"Inu, kodi mkamwini amamasuka tsiku lomwelo? Ikuzolowera misewu ya kwathu iyi," ndinawayankha choncho.

Tsono ine ndinaleredwa kuti chinthu chatsopano sachiseweretsa. M'mutu mwangamu walanti inali ngati shuga wa m'paketi: ukamatapa amatha, ukamanga bwino umadzam'peza tsiku la mavuto. Ndiye ndinaumirira kuti galimoto ilowe m'chigafa chakale chimene tinasiya kupachikamo fodya. Ndinaifunditsa ziguduli ndi zitenje, n'kulengeza kuti idzatuluka podzanyamula mabelo basi.

Feteleza tinanyamula pangolo. Kutchalitchi tinkapita panjinga, mvula ikutikwapula, galimoto ili phee m'chigafa. Loweruka ndinkaipukuta n'kuisanjika manja, ndipo bambo ndinkawalola kuliza injini pang'ono kuti asadwale ndi chilakolako (kuyendetsa ayi, makiyi ankagona m'chikwama changa). Anzanga a kumpingo akafunsa ndinkati, "Tikusunga walanti." Ena mpaka anandiyamikira nzeru.

Msika wa fodya utatsegulidwa tinapakira mabelo. Amayi a m'mudzi anaimba nthungululu, ine ndili kutsogolo, chikwama pamiyendo ngati mkazi wa nduna. Tisanafike n'komwe pa tala, pa kachitunda ka kutsidya kwa dambo, ndinangomva gwedegwede! Giya yakana. Kenako galimoto inayamba kubwerera chammbuyo!

"Yesu wanga! Bambo a Chisomo, tikupita kuti?"

"Kafunseni walanti yanuyo!"

Tinakaima m'munda wa mtedza wa eni ake, amoyo ndithu, Mulungu alemekezeke. Ng'ombe ndi zimene zinatikokera kunyumba, tikudutsa pamaso pa amayi omwe aja, ena milomo isanaume ndi nthungululu. Makaniko wa pa Kasungu atayang'ana anati giyabokosi yatheratu, ndipo mtengo umene anatchula unali womeza fodya yense wa chaka chino. Ine sindinatekeseke. Ndinauza bambo kuti tiikoketse ndi lole mpaka ku Lilongwe, nthawi yomasula chimene tinasunga yakwana.

Bwana wa tayi uja anatilandira bwino, kenako anati, "Mayi, pepani, walanti yanu inatha mwezi watha."

"Yatha bwanji? Sitinaigwiritse ntchito ngakhale pang'ono! Yonse ilipo!"

"Imayendera masiku, mayi. Ngakhale galimoto igone, masiku sagona. Mukadabwera nayo itangoyamba kukukuta, bwenzi titakonza ulere."

Ndinayang'ana bambo a Chisomo, iwo akuyang'ana kumwamba ngati akuwerenga malata. Ngati izo sizinakwane, bwanayo anatsegula boneti. Makoko a mtedza anali mbwee, ndipo khoswe wonenepa anadumpha n'kulowera ku ofesi.

"Mwaona? Alendo anu ndi amene aononga galimoto."

"Bwana, khoswe wa kwathu amadya mtedza. Sanayambe kudya chitsulo."

Ndinatsala pang'ono kugwada kuti atichitire chifundo, koma ndinayamba ndaimbira foni mwana wanga Chisomo, amene amagwira ntchito pa boma. Atamaliza kuseka anati, "Amayi, musagwade. Kutha kwa walanti sikuti mulibe pokadandaula. Ngati anakugulitsani chinthu chodwala kale, ilipo ofesi ya boma yomva madandaulo a ogula. Auzeni kuti mupita kumeneko. Komanso ayang'ane mita, aone kuti galimotoyo yayenda mtunda wotani chiigulireni."

Ndinabwereza mawuwo ngati katekisimu. Bwana uja anasuzumira pa mita, n'kuyang'ananso kachiwiri. "Mayi, miyezi yonseyi munkainyamula pamutu?" Sinayende kwina kulikonse, ulendo wa kwathu wokha ndi kachitunda kaja. Atamvanso za ofesi ija anamasula tayi. Tinakambirana mpaka anavomera kupereka giyabokosi ina, ife n'kulipira amakaniko okha. Fodya wathu anapulumuka, ngakhale mwini lole ndi mwini mtedza anadyapo gawo lawo. Ndinam'thokoza bwanayo, ndipo ndimam'pempherera.

Giyabokosi yatsopanoyo anaipatsa walanti ya miyezi itatu. Chifikireni kunyumba galimotoyo sindikuipatsa mpumulo. Kuchigayo ipite, kumjigo ipite, ngakhale kokapempha moto kwa aneba ndimakhala nditakwera kale, khutu lili pa giya. Dzulo bambo a Chisomo anadandaula kuti mafuta atimaliza msanga kuposa giyabokosi.

"Lizani injini, bambo," ndinatero. "Ngati ili ndi matenda, idwale pano tikadali ndi mwini wake."