Mmene Ndinasandukira Mzati wa Shedi

Tasunthani pang'ono, achimwene, ndikhale nawo. Basiyi ichedwa ndithu, ndipo ndikuona mukungoyang'ana misomali ndanyamulayi ngati mukufunsa kuti munthu wa manja osalala chonchi akupita nayo kuti. Ndikuuzani. Koma musaseke kwambiri, m'nkhaniyi muli msana wanga.

Kumunda kwanga kunali shedi ya matabwa, denga la malata, yomangidwa ndi malemu bambo anga. Tinkasungamo makasu, matumba a zokolola ndi njinga yanga. Pofika chaka chatha inali itapendekera ngati munthu wochokera ku mowa, malata ali psuu ndi dzimbiri. Mayi a kunyumba anandiimbira nyimbo imodzimodzi mpaka ana anailoweza: "Bambo, shedi ija. Bambo, shedi ija." Ine ndinkayankha kuti ndikudikira mvula ithe. Mvula ikatha ndinkadikira kuti matabwa aume. Akauma, inu, ndani amakwera pamalata dzuwa lili paliwombo?

Tsiku lina, mvula yoyamba itangogwa, pamsewu panaima njinga yamoto. Anatsika mayi wina wamtali, kamera ili pakhosi. Anayang'ana shedi ija n'kugwira pakamwa. Ine mumtima ndinati basi, manyazi anga afika mpaka kwa alendo.

"Bambo, shediyi ndi yanu?"

"Ndi yanga, koma ndikuikonza sabata yamawa."

"Musayerekeze!" anakuwa. "Taonani dzimbirilo! Taonani mmene yaweramira! Ine ntchito yanga ndi kujambula minda ndi mashedi akale. Iyi ndikufuna ndiijambule nyengo zonse: ya mvula, yokolola, yozizira ndi yotentha. Pempho langa ndi limodzi lokha. Musaikhudze, ngakhale kukhomapo msomali."

Inu, tamverani. Moyo wanga wonse anthu akhala akundipempha kuti ndichite zinthu. Aka kanali koyamba kuti munthu wophunzira, wa kamera yakeyake, andipemphe kuti ndisachite kanthu. Ndinatsala pang'ono kumugwadira.

Ndinalowa m'nyumba ngati bwana.

"Mayi, shedi ija sikonzedwanso. Yalowa m'manja mwa akatswiri."

"Akatswiri a chiyani?"

"A luso. Inu simungamvetse."

"Lusolo likadzagwera chimanga changa, mudzadya chithunzi," anatero osatembenuka n'komwe.

Chithunzi choyamba ndinachivalira suti ya pa ukwati wathu, ija mabatani ake anasiya kalekale kupatsana moni. Ndinaima pakhomo pa shedi, chifuwa patsogolo. Wojambula uja anasuzumira m'kamera.

"Bambo, tasunthirani kumanzere pang'ono."

Ndinasuntha.

"Pang'ononso. Eya, pitirirani."

Ndinkayenda chammbali ngati nkhanu, ndikumwetulirabe, mpaka phazi linasowa popondera. Thibu! M'ngalande ya madzi a mvula. Ndili m'matopemo ndinangomva, "Apo! Apo ndiye pali bwino!" Kunena kuti ubwino wake unali woti ine m'chithunzimo ndatulukamo.

Mvula ya chaka chimenecho inabwera ndi mphepo. Mtanda wa denga, uja wa pamwamba pa khomo, unayamba kutsika. Ndinadula mtengo n'kuuchirikiza mwakachetechete. Ndinadziuza kuti kuchirikiza si kukonza, lonjezo sindinaphwanye. Vuto linali loti mzatiwo unaima pakhomo penipeni, woyera mbee, woonekera kutali.

Nthawi yokolola inakwana, minda ili mbuu. Ndikusanja matumba m'shedimo, ndinamva kulira kwa njinga yamoto. Mzati! Ndinaukankha msangamsanga n'kuuponya kuseri kwa matumba. Denga linalira kuti kwee, n'kuyamba kubwera pansi. Nthawi yoganiza panalibe. Ndinabisala kuseri kwa chitseko n'kulandira mtanda uja paphewa.

"Abambo ali kuti?" anafunsa wojambula ali panja.

Mayi a kunyumba anasuzumira mkati. Maso athu anakumana. Ndinawachonderera ndi nsidze zokha. Iwo anamwetulira kumwetulira kumene sindinakuonepo chikwatiranireni.

"Atanganidwa," anatero. "Lero asenza udindo wolemera."

"Palibe kanthu. Ine ndidikira kamtambo ako kachoke padzuwa, kuwala sikunafike pamene ndikufuna."

"Musafulumire, mayi. Ndikuterekereni madzi a tiyi?"

Tiyi, abale! Anayala mkeka pamthunzi n'kuyamba kucheza. Za ana, za chitopa cha nkhuku, za mmene amuna a masiku ano aliri. Kamtambo kaja nako kanangoima ngati kakumvetsera nawo. Ine thukuta lili kamukamu. Kenako nyerere zinapeza mwendo wa buluku. Zinakwera mwadongosolo, pamzere, ngati zikudziwa kumene zikupita. Ndipo munthu sungakande uli ndi denga paphewa. Ndinangoluma mlomo n'kuyamba kuvina ndi chiuno chokha.

"Taonani!" anatero wojambula uja. "Shedi ikugwedezeka ngati ikupuma! Ndimawauza anthu ine kuti nyumba zakale zili ndi moyo."

"Kwambiri," anayankha mayi. "Mukamvetsera bwino, imatukwananso."

Mlendo atapita, mayi anamaliza kaye kutsuka makapu, kenako n'kudzandibwezera mzati uja. Masabata otsatira ndinkayenda chopendekera, ine ndi shedi ngati mapasa.

Kutayamba kuzizira, mayi anati zokolola zawo sizigona m'luso la munthu. Matumba onse analowa kuchipinda, ndipo anawasanja mbali yanga ya bedi. Ndinkadzuka anankafumbwe akuyenda m'khutu. Anaitanitsanso achimwene awo, akalipentala, amene anafika ndi sowo ndi nyundo. Ndinawatchingira pakhomo, manja nditatambasula.

"Alamu, pano m'pa zithunzi. Palibe kukhoma."

Anaiyang'ana shedi ija kuyambira pansi mpaka pamwamba. "Alamu, ine ndakhomerapo mabokosi a maliro anthu ooneka athanzi kuposa ichi."

Anapita akupukusa mutu. Wojambula anabwera m'mamawa wina, nkhungu itakuta munda wonse. Ulendo uno ndinali nditachenjera: mzati uja ndinauveka chijasi chakale chong'ambika. Iye atachiona anagwira pamtima, akuti chikumukumbutsa agogo ake. Ndinabwerera kukagona pakati pa matumba ndikudziona wanzeru kuposa mlamu wanga ndi sowo yake yomwe.

Inatsala nyengo yotentha. Udzu unapsa, nthaka inang'aluka, ndipo chakumadzulo mitambo inayamba kusonkhana, kutikumbutsa kuti mvula ina ili panjira. Wojambula anafika nkhope ili ngwee.

"Bambo, mwasunga lonjezo. Chithunzi chomalizachi mwini wake akhalemo."

Inu! Ndinathamangira chipewa. Ndinkafuna kuoneka ngati aja eni minda ikuluikulu, oima mosasamala pambali pa chuma chawo. Ndinapita pangodya ya shedi, ndinapingasa miyendo, ndinapendeketsa chipewa, n'kutsamiritsa chigongono pakhoma.

Shedi ija inayamba yaganiza kaye. Kenako inalira pang'ono, ngati nkhalamba yofuna kukhala pansi, n'kuyamba ulendo. Sinagwe mwaphuma, ayi. Inapita pang'onopang'ono, mwaulemu, ine ndikuitsatira ndi chigongono changa, miyendo ili chipingasire. Khuu! Malata phokoso, fumbi kobo, nkhuku zimene zinkaikira m'menemo zikuuluka ngati nkhwali. Njinga yanga inatulukira pakati pa matabwa gudumu litapindika ngati khutu. Ndipo m'fumbi monsemo ndinkangomva kamera ikulira, tcha, tcha, tcha, osapumira.

Ndinadzuka pang'onopang'ono, ndikulavula dothi, ndikudikira kukalipiridwa ndi amayi awiri nthawi imodzi. Koma wojambula uja misozi inali ikulengeza ndi chimwemwe.

"Sindinajambulepo zotere! Bambo, mayi, ndikupempheni chinanso. Bwinjali mulisiye mmene lililimu chaka china chathunthu. Ndikufuna ndione udzu ukumera pamalatapa, nyengo ndi nyengo."

Mtima wanga unadumpha. Chaka china! Ndinatsegula pakamwa kuti ndivomere, koma mayi a kunyumba anali atayamba kale kuyankhula, modekha, manja ali m'chiuno.

"Pamenepa pamangidwa shedi yatsopano mvula isanagwe, ndipo womanga wake ndi uyu akulavula dothiyu. Koma inu mayi musadandaule. Ngati mukufuna chinthu chakale, chopendekera, chimene chimakhala malo amodzimodzi nyengo zonse osasuntha, musavutike ndi malata. Ndili nacho pakhomo pano. Muzingobwera, muzichipeza pansi pa mtengo uwo."

Ndinaseka, poganiza kuti mlendo asekanso. Sanaseke. Anandiyang'ana kuyambira kuphazi mpaka kuchipewa, anapendeketsa mutu, anabwerera m'mbuyo pang'ono, n'kukweza kamera.

Nanga ndikanatani, achimwene? Ndinangokokera mimba mkati.