Mmene Ulemu Unaumitsira Anyezi

M'mudzi wina, umene dzina lake talisiya dala chifukwa eni ake adakali moyo, munali sikimu ya mthirira ya alimi mazana atatu, makomiti khumi ndi anayi, ndi ngalande imodzi. Dzuwa la Okutobala likafika, anthu ankalima anyezi m'mawa, masana n'kumatemana ndi makasu polimbirana madzi.

Kumapeto kwa ngalandeyo, kumene madzi ankafika atatopa, kunali dimba la Mayi Nangondo. Mayiwa ankakonza mafoni pamsika, ndipo za makompyuta anazidziwira kutauni. Atatopa ndi ndewu, anapanga kapulogalamu kakang'ono kotumiza uthenga pafoni: "A Gwaza, madzi ndi anu 9 koloko. Mutseke 10." Basi. Anakayesa ndi anzawo khumi a kumapetoko. Ndewu zinatha, anyezi anabiriwira, ndipo a Gwaza, omwe anali ndi zipsera zitatu za khasu pamutu, anayamba kunenepa.

Chinalakwika ndi pakamwa pa a Gwazawo. Anakayamikira kapulogalamuko pamaliro, a Tcheya ali pomwepo.

A Tcheyawa kunyumba anali a Chikaonda, koma pamsonkhano ankatchedwa Wapampando Wamkulu wa Komiti Yaikulu Yoyang'anira Makomiti Onse a Madzi ndi Zina Zotero. M'mawa mwake anaitanitsa Mayi Nangondo.

"Mayi, tamva kuti mwapanga chitukuko osatiuza."

"N'kakang'ono, a Tcheya. Ka anthu khumi."

"Kulakwa kwake n'komweko. Chinthu chabwino chifike kwa onse. Kuyambira lero n'cha sikimu yonse. Chizimitseni."

"Ndichizimitse? Nanga si chikugwira ntchito?"

"Chikugwira bwanji chisanatsegulidwe? Riboni anadula ndani?"

Kapulogalamu kanazimitsidwa podikira mwambo. Mlendo wolemekezeka anali wotanganidwa. Kwaya inapempha masabata awiri kuti ipeke nyimbo. Zitenje zamwambowo zinabwera chithunzi cha foni chitazondoka, n'kubwezedwa kutauni. Uku anyezi a Mayi Nangondo anayamba kugwetsa makosi.

"Anyezi akufota, a Tcheya."

"Auzeni apirire, mayi. Tonse tikupirira."

Tsiku litakwana, riboni anaikulunga pafoni, mlendo n'kuidula, amayi n'kululutira. Mayi Nangondo anakwezedwa kukhala Mlangizi Wapadera wa Zamakono. Anapatsidwa mpando wapulasitiki kutsogolo, kenaka n'kuwalanda nambala yachinsinsi ya pulogalamuyo, poti mlangizi sagwira zinthu, amangolangiza. Nambalayo inapita kwa Mlembi Wamkulu, a Mpinganjira, omwe foni ankaigwirira patali ngati nkhanu yamoyo.

Pamsonkhano woyamba a Mpinganjira anawerenga uthenga uja mokweza: "A Gwaza, madzi ndi anu 9 koloko."



"Watha?" anafunsa a Tcheya. "Uthenga ungolowa m'thumba mwa munthu wamkulu osaodira? Wopanda moni, wopanda ulemu kwa akuluakulu? Ife sitinaleredwe choncho."

Anagwirizana kuti uthenga uziyamba monga amayambira mawu munthu wolongosoka pagulu. Makomiti onse khumi ndi anayi anati wapampando wawo asaiwalidwe. Koma uthenga wa pafoni malo ake ndi ochepa, suli ngati bwalo la msonkhano. Choncho m'mawa uliwonse alimi mazana atatu ankalandira mawu awa: "Ulemu kwa Wapampando Wamkulu wa Komiti Yaikulu Yoyang'anira Makomiti Onse a Madzi ndi Zina Zotero, ulemu kwa Wachiwiri wawo, ulemu kwa Mlembi Wamkulu, ulemu kwa Wapa..." malo n'kuthera pomwepo. Za nthawi ya madzi, uthengawo sunkazifika.

Alimi ankawerenga, n'kuwomba m'manja mwaulemu, kenaka n'kutenga makasu ulendo wa kungalande. A Gwaza anapata chipsera chachinayi.

"Tichotseko maudindo angapo," analangiza Mlangizi Wapadera.

"Nzeru yabwino, mayi," anatero a Tcheya uku akuyang'ana anzawo mmodzimmodzi. "Tiyambe ndi wa ndani?"

Aliyense anayang'ana nsapato zake. Anakhazikitsa komiti ina yofufuza vutoli, ndipo wapampando wake anapempha kuti nayenso azitchulidwa mu uthengamo.

Theka la anyezi a Mayi Nangondo linali litauma. Otsalawo sakanapirira sabata ina. Mayiwa anaitanira anzawo khumi aja kuseri kwa shopu, n'kutulutsa kafoni kakale komangidwa ndi mphira.

"Ndapanga kena. Koma a Gwaza, pakamwapo."

"Alamu, ine ngakhale paukwati wa mwana wanga sindidzayamikiranso kanthu."

Timadzi tomwe tinkafika kumapetoko anayambanso kugawana mwadongosolo. Patatha masabata atatu, a Tcheya akuyendera sikimu ndi gulu lawo, anaona kumapeto kwa ngalande kuli biriwiri. Anaima.

"Kuno zikuyenda bwanji?"

"Sizikuyenda, a Tcheya," anayankha onse pamodzi.

"Timamenyana tsiku lililonse," anawonjezera a Gwaza, ndipo pofuna umboni anagwira mnzawo pakolala. Nthawi yomweyo foni inalira m'thumba mwawo. Anthu khumi anatsokomola limodzi.

"Nanga anyeziwa abiriwira bwanji?"

"Mwano, a Tcheya," anatero Mayi Nangondo. "Tawauza kuti zinthu zavuta, koma samva."

A Tcheya anapukusa mutu mwachisoni, n'kutembenukira kwa a Mpinganjira.

"Lembani, a Mlembi. Anthu a kuno ndi otsalira, zamakono sazitha. Kuyambira lero komiti iliyonse isadzapondenso kuno, ndipo tisawabweretserenso chitukuko mpaka atasintha."

Mayi Nangondo anagwada, n'kuwomba m'manja, misozi ili m'maso. M'mbiri yonse ya sikimuyo, aka kanali koyamba kuti Komiti Yaikulu ithandize mlimi.