Amuna Asanu pa Galasi la a Venâncio

Malemu a Venâncio, wojambula wa kuseri kwa msika wa Milange, sankatsuka chithunzi asanafunse dzuwa. Anzawo anagula makompyuta kalekale, iwo ali kakaka ndi nzeru za ku migodi ya golide ya ku Manica, kumene ankanyamulira kamera mzungu wina wokalamba. Pepala alipake choyera cha dzira ndi mankhwala, aliphatike ku galasi, aliyanike panja ngati makaka. Nkhuku za dera lonselo zinkagwirira ntchito iwo.

M'bokosi mwawo munali magalasi akale okhala ndi zithunzi zosatsuka za anthu a kumgodi, koma mayina onse anali m'mutu. Tsiku lina kunafika mayi Liness a ku Majaua, amene bambo awo anafera kumgodiko iwo ali m'mimba. Ankangofuna kuona nkhope ya bambo awowo.

A Venâncio anasolola galasi n'kulikweza m'mwamba. "Ali pagulu apa."

"Iii, a tiyu, si azungu awa? Mano ali bii!" anadabwa mayi Liness, akuwatchula kuti malume m'Chipwitikizi.

"Pagalasi tonse ndife azungu, mama. Dzuwa ndiye limatibweza kwathu. Mubwere Lachisanu."

Lachisanu kunachita chiperoni. Sabata inayo dzuwa linawala, koma a Venâncio ati linali la ku Malawi, lafookera pamalire. Ulendo wachitatu anapeza mazira atakazingidwa ndi a Fernanda, akazi a Venâncio.

"Ingondilozerani basi, a tiyu!"

"Munthu salozedwa akadali mzungu. Pasiyensiya, mama, dekhani!"

Ulendo wachinayi mayi Liness anapeza anthu akuchokera kumanda kokaika a Venâncio. A Fernanda anawapatsa galasi lija atalikulunga m'mpango. Reinaldo wa pa situdiyo yatsopano analijambula ndi foni, kudina kamodzi, nkhope zonse n'kuda bwinobwino. Amuna asanu, nyali pamphumi, onse owonda, onse ali tong'o.

"Ndiye bambo anu ndi ati apa?" anafunsa Reinaldo.

Mayi Liness anayang'ana mphuno, anayang'ana makutu. Wodziwa anali atapita nalo yankho.

Masiku ano kuseri kwa msika kuli zii. Zithunzi zimatuluka munthu asanakhale n'komwe pansi, koma wokuuza kuti uyu ndi mwana wa uje palibenso. Ku Majaua chithunzi chija chili pakhoma, ndipo m'mawa uliwonse mayi Liness amapereka moni kwa onse asanu, kuopa kudumpha bambo awo.