Nkhokwe Yanga Yovula Chipewa

Lolemba, 12 Novembala 1951

Chimanga m'nkhokwe: madengu 14.
Ndimadya madengu 2 pamwezi. Kufika pokolola, miyezi 5. 5 × 2 = 10.
14 − 10 = 4, a alendo.
Udzu wofolera: mitolo 12.
Makwerero a pankhokwe: mitanda 6, yothyoka 2.
Mawondo: 2. Abwino: palibe.

Chigwere pamakwerero mwezi watha, mwana wanga Anyesi sakundipatsa mtendere. Akuti Lamulungu likudzali abwera kuchokera ku Namadzi kudzaona ndi maso ake ndikutapa chimanga ndekha. Ndikalephera, ndimange katundu ndikakhale kwa iye. Ine ku Namadzi sindikufunako. Nyumba ya paesiteti, ana asanu ndi mmodzi, ndipo munda wangawu apalire ndani?

Tsono ganizo langa ndi laling'ono: makwerero atsopano, ndi denga latsopano pankhokwe mvula isanagwe. Basi.

Mmawa ndili ku mishoni, ku sukulu ya zomangamanga, kukapempha a Bulaza amene amaphunzitsa kumeneko. Aka n'koyamba kulowa m'chipinda chawo chojambuliramo mapulani. Matebulo opendekeka. Mapepala aakulu kuposa lichero, oyera mbee. Pa alumali tinyumba tamatabwa, katchalitchi kotseguka mazenera, ndi kamlatho kotalika ngati mkono wanga kamene a Bulaza aimapo ndi nsapato zomwe, osathyoka. Moyo wanga wonse ndaphunzitsa masamu pa sileti, sindinadziwe kuti masamu omwewo munthu n'kuimapo!

A Bulaza akuti ndafika tsiku labwino. Loweruka ophunzira adzaonetsa zipangizo zimene apeka okha, ndiwo mayeso awo a chaka, ndipo atatu sanapezebe chopanga. Andipatsa atatuwo: Fabiano wojambula, Gelevazio wa matabwa, ndi Damiano wolemba zonse m'kabuku.

"Makwerero ndi zachikale, anganga," akutero Fabiano. "Denga lizitseguka lokha."

Madzulo abwera kudzayeza nkhokwe. Ayezanso ine, msinkhu ndi mkono. Palibe anandiyezapo chibadwire.

Lachiwiri, 13 Novembala

Lamulo la a Bulaza lili ndi magawo anayi:
1. Jambula.
2. Panga kakang'ono.
3. Anzako akanyoze.
4. Panga chachikulu.

Lero ndi gawo loyamba. Andipatsa mpando pakona ndizionerera.

Nkhokwe yanga ili papepala katatu. Poyamba monga momwe khwangwala amaionera ali m'mwamba. Kachiwiri monga momwe ndimaionera ndili pakhonde. Kachitatu yodulidwa pakati ngati dzungu, chimanga chili m'kati. Fabiano sanalowemo, sanakwerepo, koma wajambula ngakhale kupendekeka kwake kwa kumadzulo. Ndagwira pakamwa.

Nzeru yake ndi iyi. Mtengo wautali wa bulugama ugone pa mphanda ngati sikelo ya pasitolo. Mbali ina kumangidwe denga, mbali ina kulendewere chidebe cha miyala ndi chingwe. Ndikakoka chingwe, denga likwere. Ndikasiya, litsike.

A Bulaza adutsa ndi pensulo yofiira, akhwatcha malo 7. Fabiano wang'amba pepala lonse lokongola lija, wayambiranso. Mtima wanga wapweteka chifukwa cha pepalalo, iye akuimba mluzu.

Pa matebulo ena: chitseko chodzitseka chokha ndi botolo la mchenga, musi wosinja poponda ndi phazi, chotungira madzi cha gudumu la njinga. Ana a anthu olima nandolo pompano pa Milepa!

Makwerero: sanatchulidwe.
Mitambo pamwamba pa phiri la Chiradzulu: ilipo, koma yoyera.

Lachitatu, 14 Novembala

Kakang'ono katha. Kankhokwe kolingana ndi mphika wa ndiwo, inchi imodzi kuimira fiti imodzi. Kadenga kake ndi ka udzu wanga. M'kachidebe muli timiyala 5. Ndakhudza kachingwe ndi chala, kadenga kakwera pang'onopang'ono, mwaulemu, ngati mwamuna wovula chipewa pakhomo la tchalitchi. Ndakoka kakhumi ndi kawiri. A Bulaza achita kundichotsapo kuti gawo lachitatu liyambe.

Kunyoza kwake n'kwenikweni. Wa chitseko uja akuti mphanda ndi yowonda. Wa musi akuti mphepo idzachiulutsa. Wina akuti, "Chafanana ndi msampha wa mbewa." Damiano akulemba zonse, akuthokoza aliyense. M'kalasi mwanga mawu otere akanabweretsa nkhonya.

Madzulo atsitsa denga lakale kuti aone kulemera kwake. Laphwasukira m'manja mwawo, chiswe chokhachokha. Gelevazio akuti ndi bwino ladziwika msanga. Nkhokwe yagona yopanda denga, pamwamba aika mphasa yanga.

Udzu: 12 − 1 = 11.
Mphasa zogonera: 1 − 1 = 0. Ndagona pa chiguduli.

Lachinayi, 15 Novembala

Gawo lachinayi. Denga lalikulu aluka pansi, afolera bwino, amanga ku mtengo. Akoka atatu onse. Mtengo walira, wathyoka pakati, denga lagwera pa khola la nkhuku.

Palibe wakwiya. Akhala pansi pa mango ndi mapepala, maso akuwala. Damiano wandiitana ndidzaone: chinthu ukachikuza kakhumi ndi kawiri, kulemera sikukula kakhumi ndi kawiri ayi, koma 12 × 12 × 12. Ndawerengera pamchenga ndi kamtengo: 1,728. Zoona! Sindinaganizepo. Nkhuku zikuyendayenda zopanda kwawo, ine ndili pansi ndikubwereza samu.

Denga lachiwiri likhala lopepuka, la nsungwi zong'alula. Mtengo wachiwiri wonenepa. Koma polumikiza mtengo ndi mphanda pakufunika thabwa lolimba, ndipo lolimba pakhomo pano ndi la makwerero anga, la mlombwa, limene malemu amuna anga anapala. Gelevazio waligogoda ndi chala, wamvetsera.

"Simudzawafunanso, anganga."

Ndavomera. Wacheka.

Udzu: 11 − 6 = 5, ndipo 5 yomweyo ikupita padenga lachiwiri.
Makwerero: 0.
Mitambo: yayamba kuda kunsi. A Nasimelo oyandikana nawo nyumba akuti msana wawo wamva mvula. Iwo nkhokwe yawo anafolera kale mwezi watha, mwachikale.

Lachisanu, 16 Novembala

Chatheka!

Bwalo langa ndi lopanikizika, tsono mbali ya chidebe yakafika mpaka kunsi kwa denga la nyumba yanga. Fabiano akuti zakhala bwino, ndizikoka chingwe ndili pamthunzi. Chidebe ndi changa chotungira madzi. Polumikiza paja apaka mafuta a nsatsi kuti pasalire.

Aponya miyala m'chidebe umodziumodzi. Pa mwala wa 23 pakufunika amuna awiri kukoka chingwe. Pa wa 30 mwamuna mmodzi. Pa wa 34 ine. Fabiano sanakhutire, wawonjezera timiyala mpaka chala chimodzi chikukwanira. Denga lonse lija, la mitolo 5, likumvera chala cha nkhalamba.

Mudzi wonse wabwera. Ana aima pamzere. A Nasimelo akoka kamodzi, achita chizindikiro cha mtanda, akokanso.

Masana nkhuku yanga yamawanga yatera kumapeto kwa mtengo. Denga latseguka. Yauluka, latsekeka. Yateranso. Pofika madzulo nkhuku zitatu zadziwa, imodzi ikutsegula, ziwiri zikulowa. Damiano walemba kuti umenewu ndi umboni wa kupepuka kwa chipangizo. Gelevazio wamangapo minga.

Mabingu cha ku Mulanje. Ndachapa chilundu cha mawa.

Loweruka, 17 Novembala

Chionetsero. Oweruza atatu: Bambo Mfumu, a Bulaza, ndi mmisiri wina wamkulu wochokera ku Limbe, wa pensulo kukhutu. Chitseko chadzitseka chokha, chapana chala cha mwini wake. Musi wasinja bwino. Chotungira madzi chanyowetsa oweruza onse, koma madzi atuluka.

Kenaka gulu lonse pamzere mpaka kwathu, ngati tsiku la Ukaristia. Fabiano wakhoma mapulani pamtengo wa mango, wafotokoza osagwedezeka mawu. Wandiitana. Ndakoka ndi chala chaching'ono. Denga lakwera. M'manja, nthungululu. Mmisiri wa ku Limbe wazungulira mphanda kawiri, akuti polumikiza potere ngakhale kwawo sapaona kawirikawiri.

Ndiye Bambo Mfumu, mwachifatse: "Zokongola ndithu. Mayi aphunzitsi, tatitapireni chimanga chimodzi tione."

Ndayang'ana m'mwamba. Mlomo wa nkhokwe uli pomwe unali kale, mafiti atatu pamwamba pa mutu wanga. Ndikasiya chingwe kuti ndiyandikire, denga likutsika. Makwerero ali m'chipangizo.

Fabiano wayang'ana mapulani onse atatu. Damiano watsegula kabuku, wapeza msinkhu wanga wa Lolemba uja, wolembedwa bwino, wosagwiritsidwa ntchito. Ophunzira onse ananyoza Lachitatu, a Bulaza anakhwatcha, ine ndinawerenga miyala. Palibe anafunsa.

Abwerera ku mishoni kukamva zotsatira. Ndatsala ndekha pakhonde.

Mvula yafika cha m'ma 3 koloko, yamphamvu, yoyamba chaka chino. Madzi a padenga la nyumba akutsikira m'chidebe, chidebe chosaboola. Ndikuona chikudzaza. Ndipo pakati pa mvula, popanda munthu, popanda nkhuku, denga la nkhokwe likunyamuka pang'onopang'ono, mwaulemu womwe uja, laima chilili. Nkhokwe yomata yasanduka mtsuko.

Ndayesa kukankha chidebe, sichikusuntha. Ndiyenera kulemba zoona: ndisanakuwe ndinayamba ndaima kaye, kuonerera. Sindinaonepo chinthu chokongola chotere.

Atatu aja afika akuthamanga, ali chinyowere, akwerana pamapewa, atapa chimanga chonse kulowetsa m'nyumba.

Lamulungu, 18 Novembala

Chimanga chili mbwee pansi m'chipinda changa. Ine ndagona kukhitchini.

Anyesi wafika Misa itatha. Ndawerama, ndatola chimanga chimodzi pansi, ndamuonetsa kuti ndikutapa ndekha. Sanaseke. Watuluka, wayang'ana nkhokwe yopanda kanthu, wakoka chingwe. Wakokanso. Kachitatu waitana mwana wake wamng'ono amene wabwera naye kuti aone.

"Amayi, n'chodabwitsa. Koma mudya chingwe?"

Tasankha chimanga tonse awiri. Chonyowa kwambiri sichingaume ndi mitambo imeneyi. China tipanga chimera, china ndagawira a Nasimelo ndi anzanga chisanachite chuku, adzabweza pokolola. Tagwirizana: ndikhala pano mpaka chouma chitatha, kenaka ku Namadzi mpaka chimanga chitacha. Munda apalira atatu aja, a Bulaza alamula.

Mayeso akhoza, koma theka. Fabiano wabwera masana ndi pepala latsopano: kachitseko kunsi kwa nkhokwe, kolingana ndi mkono wanga, chimanga chizitsetsereka chokha. Anyesi akuti ayi. Ine ndapempha ndingoona kakang'ono kake Lachitatu.

Chimanga chouma: madengu 6. 6 ÷ 2 = miyezi 3.
Pakhomo panga: mpaka pakati pa Febuluwale.
Ku Namadzi: miyezi 2.
Udzu 0. Makwerero 0. Khola 0. Chidebe 1, tsopano chobooka.
Nkhokwe zotseguka zokha m'boma lonse la Chiradzulu, monga ndikudziwira: 1, yanga.

Ine, Filomena Nambewe, mphunzitsi wopuma.