Bulangete la Akamwini Anga

Chikwatirire mwana wanga, akamwini anga sanandikwezerepo mawu, ndipo tsiku limene ndinayenera kukalipiridwa anangogwada. Kugwada kumeneko kumandiwawa mpaka lero.

Ndinachoka ku Liwonde kukacheza kwa mwana wangayo, Agnesi, kumadzulo kwa Balaka. Amuna ake ankasefa golide m'kamtsinje kena kuti apeze feteleza mvula isanagwe. M'mbali mwa kamtsinjeko muli maenje akale omera mitengo, amene akuti anakumba azungu. Ndinali ndi chidwi: golide angapezeke bwanji mumchenga wamba? Koma apongozi sacheza ndi mkamwini maso ndi maso, choncho mafunso anga ankadzera mwa Agnesi, ngakhale tonse tinali pamtsinje pomwepo.

"Uwafunse chifukwa chake akukumba pokhota madzi."

"Uwauze amayi kuti golide ndi wolemera," anayankha iwo, akuyang'ana fosholo. "Madzi amamukokolola kumapiri, ndipo akafooka pokhota amamusiya. Amalowa pansi pa miyala kufikira pathanthwe."

Ndinakhutira (za zinthu zolemera ndi zopepuka tinaphunzira ku sekondale), ndipo ndinafunitsitsa kuona zotsatira. Koma pamenepo akamwini anayamba kuvula malaya kuti alowe m'madzi. Ndinatembenuka n'kubwerera kunyumba, monga ulemu ufunira. Motero sindinaone kuti dothi lokumbidwalo amalithira pathabwa lopendekeka loyalidwa bulangete, ndipo madzi akachotsa matope, golide amakanirira muubweya wake.

M'mawa mwake ndikusesa, ndinapeza bulangete m'chidebe kuseri kwa chitseko, lamatope okhaokha. Ndinachita manyazi m'malo mwa mwana wanga: mwamuna wolimbika chotere n'kumafunda chimenechi? Sindinafune kumudzudzula Agnesi panyumba pake (zimenezi ndimasamala kwambiri), choncho ndinatenga sopo mwakachetechete n'kutsikira kumtsinje.

Ndinalichapa ndi mtima wonse. Munatuluka mchenga wakuda wosatha, ndipo ndinalimenyetsa pamwala mopanda chisoni. Ndili mkati, ndinamva munthu akutsokomola kumtunda. Anali akamwini, atagwada chapatali, nkhope kumbali. Anatsokomolanso. Ndinaganiza kuti akudikira malo osambira, motero ndinafulumira kulitsukuluza ndi kulifinya kotheratu.

Agnesi anafika akuthamanga.

"Amayi! Mwachapa chiyani?"

"Chimene unayenera kuchapa iwe."

"Iyayi, amayi! Golide yense wa dzenje lija anali mmenemo! Amati alitsukire m'beseni lero." Kenaka anatembenukira amuna ake. "Inunso, kumangotsokomola ngati mbuzi? Bwanji osakuwa?"

"Ndikuwire amayi?" anatero iwo, akuyang'anabe kumbali. "Uwauze kuti zikomo. Layera ndithu."

Mbiri inawanda bulangete lisanaume. Amayi a m'mudzimo anadzaza kunsi kwa mwala umene ndinachapirapo, aliyense ndi beseni, ndipo akamwini anachita kupempha malo pakati pawo. Mmodzi anadzutsa mutu nati, "Agogo, mudzachapanso liti? Tidziwiretu, tisapite kumunda."

Ndinaima pamenepo ndi sopo m'manja, ndikuonerera mmene mchenga wakuda umatsalira pansi pa beseni, ndi timadontho tachikasu tikuphethira mmenemo. Gawo limene ndinaliphonya dzulo lake ndinaliona bwino lomwe, m'mabeseni a anthu ena.

Feteleza ndinawagulira nditagulitsa mbuzi zanga, ndipo nkhaniyi sitiitchula. Ndimanena kuti ndinaphunzira kufunsa ndisanachape chinthu, koma zikuoneka kuti sandikhulupirira. Masiku ano ndikapitako, Agnesi amandilandira ndi manja awiri, amandiyalira mkeka, kenaka amakabisa sopo.