Mmene Ndinagwirira Ba Chanda M'khola la ku Kabwata

Amene akuganiza kuti ndinama anyamuke tsopano lino apite kuseri akathandize kuwaza nkhuni, chifukwa ine Sakala sindinganame pakhomo pamene pali maliro, ndiponso maliro ake a mlamu wanga. Anyamata inu kuyambira m'mawa mitu ili pa foni imodzi, kuonera anthu akumenyana m'khola la waya, n'kumatsutsana chapansipansi ngati malamulo ake amakondera womenya nkhonya kapena wogwira ndi kugwetsa. Zimitsani. Nkhani imeneyo ine ndi Ba Chanda, amene tikukawaika mawa, tinaiyesa ndi matupi athu inu musanamere ndevu.

Ntchito yanga inali yothandiza dokotala wa ziweto. Nkhunzi ikakana jekeseni ankaitana ine, ndinkaigwira panyanga ndi pamphuno n'kuigoneka ngati mwana, ndipo ina ya ku mafamu inandizolowera moti ikangomva njinga yanga ikubwera inkagona yokha n'kukweza mwendo. Ba Chanda anali makaniko wa mabasi, Mbemba wa ku Kopala, dera la migodi, wokhala muno mu Chelstone mu Lusaka, wankhonya kuyambira ubwana. Tayala likakana kutuluka sankafuna nyundo.

Mlongo wanga Esinati, amene mukumumva akulira m'nyumbamu, anali atafedwa mwamuna woyamba, ndipo mwamunayo, Mulungu amukhululukire, ankamumenya. Ndiye Ba Chanda atabwera kwathu ku Libala kudzamufunsira, ndinayang'ana zibakera zawo zili pamaondo ngati maungu awiri, ndinakana.

"Ba Chanda, mlongo wanga waona nkhonya zokwanira," ndinatero.

Iwo anayankha mofatsa, m'Chinyanja chawo cha m'tauni: "Ba Sakala, nkhonya yanga ili na malamulo. Bwelani muione."

Masewera a m'kholawa anali atangofika kumene mu Lusaka, ndipo anyamata ena anali atamanga khola m'holo ina ku Kabwata. Tinapangana Loweruka masana: ndikapambana ine asapondenso ku Libala, akapambana iwo nditseke pakamwa. Esinati atamva anati tonse awiri ndife zitsiru, ndipo sanabwere kudzaonera.

Lefali anatiitana pakati n'kuyamba kuwerenga malamulo, ndipo ndinaona pomwepo kuti analembedwa ndi munthu wodana nane. Chigawo chilichonse mphindi zisanu, belu likalira mumusiye mnzanu ngakhale mutamupinda ngati mpando wa kutchalitchi, ndipo chigawo chotsatira muyambe muli chilili. Mukakhalitsa pansi osachita kanthu, lefali akudzutsani. Wankhonya amuveka magolovesi kuti zala zisathyoke, koma ine magolovesi omwewo akundilepheretsa kugwira. Mukumva? Munthu wavutika kugwetsa nkhunzi, ndiye wina akuti idzutseni, ipukuteni thukuta, ipatseni madzi, muyambirenso.

Belu linalira. Nkhonya yoyamba ya Ba Chanda ndinaizinda, koma mphepo yake inatulukira pawindo, inasasula malata a nyumba zitatu za ku Kabwata, inakagwetsa maluwa onse a jakaranda ku Woodlands, moti amayi ena amene anali atangosesa pabwalo anayambiranso, ndipo agalu a ku Kabulonga, amene sauwa masana chifukwa chokhuta, anauwa mpaka eni ake anaitana alonda. Yachiwiri inandikhudza pang'ono patsaya, dzino ili palibe apali linauluka kudutsa mumzinda, linakagwera m'thumba la kapenta ku msika wa Soweto, ndipo mayi wogulitsayo anandibweretsera Lachiwiri litakulungidwa m'nyuzipepala. Yachitatu sanaiponye, chifukwa ndinali nditalowa kale pansi, ndawakumbatira maondo onse awiri, ndawanyamula mpaka mutu wawo unapukuta fumbi la kudenga, n'kuwabwezera pansi mwamphamvu moti magetsi amene anali atazima kuyambira m'mawa anayaka okha mpaka ku Kaunda Square, ndipo pampopi wa kuseri kwa holo, umene unauma zaka zitatu, panatuluka madzi.

Tsono ndinawagwira. Inu simudziwa kugwira. Ndinayala chifuwa changa pa chifuwa chawo, mkono uwu pansi pa khosi, mwendo uwu utakola wawo, ndinawafinya pang'onopang'ono ngati mmene nsato imachitira ndi mbawala, mpaka Chibemba chonse chinawathera m'mimba n'kuyamba kupempha m'Chichewa chenicheni cha kumudzi kwathu ku Katete, chimene anali asanachimvepo, ndipo chithunzithunzi chawo chinatopa kudikira, chinatuluka pansi pawo n'kukaima pamzere wa minibasi. Lefali anandigwira paphewa kuti tidzuke, ndinamuuza kuti ndili pantchito. Anakoka, analephera, anaitana anzake asanu ndi mmodzi, anamanga chingwe m'chiuno mwanga n'kuchimangirira kugalimoto yonyamula mchenga, chingwe chinaduka. Chimene chinandichotsa ndi belu basi, chifukwa ine ndinakulira mu mpingo ndipo belu ndimalimvera.

Ndiye taonani chilungamo chake. Munthu uja ndinamusandutsa mphasa, amukhazika pampando, amupepesa ndi thaulo, amubwezera miyendo yake iwiri, n'kumuimikanso patsogolo panga kutali kumene nkhonya yake imafika koma manja anga safika. Ndinawagwetsa, belu linawadzutsa. Ndinawagwetsanso, lefali anawadzutsa. Ndikulumbira pali maliro ano, ndinawagwetsa kokwana makumi anayi ndi kasanu, pansi pa holo panakumbika dzenje looneka ngati msana wawo, ndipo ndikumva kuti ana amasambamo nthawi ya mvula. Pomaliza oweruza atatu amene anakhala pambali pa khola anawerenga nkhonya zimene anaziona ndi maso, koma kufinya sikuoneka, kumamveka ndi nthiti zokha. Anakweza dzanja la Ba Chanda.

Ukwati unachitika. Zaka zonsezi Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi ndinkabwera pakhonde lino, iwo n'kundilonjera m'Chibemba kuti, "Shani, ba mulamu, mwabwela kudandaula belu?" Ine ndinkati malamulo amakondera omenya. Iwo ankati ayi, amakondera ogwira: munthu akagwada pansi womenya saloledwa kumuponda kumutu, saloledwa kumumenya ndi bondo kumaso, saloledwa kumumenya kunkhongo, ndiye wogwira amalowa mutu uli pansi ngati mbuzi yolowa m'munda wopanda mwini. Tinkatsutsana mpaka tiyi kuzizira. Esinati ankangodutsa ndi mbale osatiyang'ana.

Mnyamata iwe wa malaya oyera ukumwetulira. Ukufuna kufunsa amene anaona. Ambiri anamwalira, ena anasamukira ku Kopala, ndipo mboni yanga yaikulu ili m'bokosi. Choncho zoona zake ndikuuzani ine ndekha, poti palibenso wonditsinzinira diso kuti ndipitirize.

Nkhondo ija sinapitirire chigawo choyamba. Nkhonya yoyamba sindinaizinde. Inandipeza apa, pansi pa khutu, holo yonse inazima, ndipo nditatsegula maso ndinali nditagwada, nditakumbatira miyendo yawo osati mwa luso koma kuti ndisagwe chafufumimba. Mutu wanga unali pa maondo awo, nkhongo yanga ili poyera ngati ya nkhuku pachipika. Anthu ankakuwa kuti amalize. Lefali anali kumbuyo kwawo, sakanaona. Ndinayang'ana m'mbali ndi diso limodzi limene linkaona, ndinaona chibakera chija chili m'mwamba, ndipo chinakhala m'mwamba momwemo. Kenako ndinamva dzanja lotambasula pamsana panga, ndi mawu pafupi ndi khutu: "Gwililani, ba mulamu. Musagwe pamaso pa anthu." Anandiimiritsa choncho ngati tikulimbana mpaka belu linalira, ndipo ine sindinathenso kuchoka pampando.

Za malata, za magetsi, za makumi anayi ndi kasanu, anaziyambitsa ndi Ba Chanda omwe pa tsiku la ukwati, pofuna kuti achibale a ku Katete asandiseke, ndipo chaka chilichonse ankawonjezerapo china. Dzino lokha ndi loona, koma linagwera pafupi, ndinalitola ndekha.

Esinati wandiuza dzulo kuti zaka zonsezi dzanja lija silinamukhudze mwaukali ngakhale kamodzi. Mawa ponyamula bokosi mundisiyire kumutu. Pamenepo ndigwira ndekha, ndipo lefali wondiuza kuti ndisiye sanabadwe.